Kristina 2

Mwana wanga wachiwiri anabadwa Loweruka, kutatsala sabata imodzi kuti tidye Pasaka wa 2009. Titachoka kuchipatala n'kufika kwathu ku Ndunde, amayi anandilowetsa m'chipinda chakumbuyo, natchinga zenera ndi chitenje. Ananena mosapsatira kuti ulendo uno chikuta tichisunga bwinobwino. Olowa ndi iwo ndi azakhali a Nabanda basi. Mwana sapatsidwa dzina, saonedwa ndi mlendo, mpaka mchombo utagwa. Ngakhale Dominiko, bambo wake, ankangoima pakhomo n'kumasuzumira, chipewa chili m'manja.

Sindinatsutse. Pa mwana woyamba ndi pamene ndinatsutsa. Ndinali nditangochoka ku Fomu 4, ndinkati izi n'zachikale, moti anzanga anamunyamula asanathe masiku atatu. Dzina lake anali Kristina. Anakhala nafe miyezi itatu ndi masiku asanu ndi anayi, chibayo n'kumutenga mu Julaye, nthawi ya chiperoni. Palibe amene ananena kuti chinali chifukwa cha chikuta, komanso palibe amene ananena kuti sichinali. Anthu anangosiya kundiitana kuti amake Kristina, n'kubwerera pa Agnes, ngati ndabwereranso kusukulu.

Anzanga a ku sekondale amene ndatsala nawo ndi awiri. Angella amatayipa makalata pa ofesi ya bungwe lina la zaulimi ku boma, kumene kuli mbale ya intaneti padenga. Lydia ali ku Ireland, amasamalira okalamba ku Dublin. Kristina atabatizidwa, Angella anajambula mwambowo ndi kamera ya ku ofesi kuti Lydia aoneko. Kanemayo anali wamkulu, sakanalowa mu imelo, ndiye Angella anamuika pa tsamba lina la pa intaneti pamene anthu amasungitsa makanema, n'kumutumizira Lydia adiresi yake. Aliyense amene ali ndi adiresiyo amaonera. Nthawi imeneyo ndinaona kuti ndi zinthu zabwino kwambiri.

Mwana watsopanoyu ali ndi masiku atatu, Lydia anaimba. Anati chaka chino sabwera, mwinanso chamawa, mapepala ake sanalongosoke, ndiye ndimuonetseko nkhope yokha. Ndinamuuza za chikuta. Anaseka, nati iye mwana samukhudza, ali kutsidya kwa nyanja, kutentha kwake kungafike bwanji ku Ndunde. Nanenso ndinaseka. Uyu ndi munthu amene ankandiimbira Lamulungu lililonse maliro aja atachitika, nthawi zina osalankhula kanthu, kumangomvetsera ine ndikulira. Kumukaniza kunandivuta. Ndinadziuza kuti malamulo aja anaikidwa chifukwa cha manja ndi mpweya wa anthu, ndipo kamera ilibe mpweya.

Angella anabwera Lachitatu m'mawa pa kabaza, amayi atapita kudimba kukathyola nyemba. Sanalowe. Anaima pakhomo, ine n'kukweza chitenje cha pazenera kuti mulowe kuwala. Anajambula mphindi zisanu ndi imodzi. Mwana anayasamula, anayetsemula kawiri, kenako anangoyang'ana kamera osaphethira mpaka Angella anati, aka kadzakhala kapolisi. Amayi akubwera anapeza chitenje chili m'malo mwake.

Kutumizako kunavuta. Lachitatu masana kanemayo anakwera mpaka kupitirira theka, magetsi n'kuzima. Lachinayi Angella anayambiranso pa chiyambi, akubisa kuti abwana asaone chimene chikuchedwetsa makalata awo. Cha m'ma folo, ofesi ili pafupi kutsekedwa kuti anthu apite ku Pasaka, ananditumizira uthenga kuti zatheka, Lydia walandira adiresi.

Lachisanu Loyera masana ndinali ndekha ndi mwana, amayi ndi Dominiko atapita ku Njira ya Mtanda. Foni inalira. Anali Lydia, koma mawu ake anali otsika.

"Agi, bwanji sunandiuze kuti mwamutcha dzina lomwe lija?"

"Dzina lanji? Mwanayu alibe dzina."

"Pamwamba pa kanema palembedwa Kristina. Kristina 2."

Anapitiriza kulankhula, ine ndikungomva ngati ali m'chitsime. Anati anadabwa, koma anaganiza kuti ndi mmene tafunira ifeyo, mwina pomukumbukira mkulu wake. M'mawa umenewo Amalawi a kumeneko anali ndi mapemphero m'nyumba ya mnzake wina, ndiye anatenga kompyuta yake n'kuwaonetsa onse. Anthu anakondwa. Anagwirana manja n'kumupempherera Kristina, aliyense akutchula dzinalo, kuti akule, kuti Mulungu amusunge Kristina. Ena anapempha adiresi kuti akaonetse abale awo.

Ndinayang'ana mwana. Anali m'tulo, kadzanja kali pa khutu lakumanzere.

Ndinamuflasha Angella kanayi asanaimbe. Anali m'minibasi, akupita kwawo ku Mulanje. Poyamba sanamve vuto lake. Anati tsamba lija silivomera kanema wopanda mutu, ndipo atangoyamba kulemba, kompyuta inamubweretsera yokha dzina la kanema wakale uja. Iye anali pachangu, abwana ali kumbuyo kwake, anangowonjezera 2. Anati ndi dzina la fayilo chabe, aise, si ubatizo. Kenako anati Ambuye, pepa, sindinaganize.

Ndinamuuza kuti afufute lero lomwe. Anati sizingatheke. Ofesi yatsekedwa mpaka Lachiwiri, makiyi apita ndi abwana ku Ntcheu. Ndinati apite pa kafe ya intaneti ku Limbe. Anati pasiwedi yolowera patsambalo sakuikumbukira, inasungidwa mu kompyuta ya ku ofesi zaka ziwiri zapitazo ndipo imangolowa yokha. Ndinawerenga pa zala: Loweruka, Lamulungu, Lolemba. Masiku onsewo mwana wanga akhala poyera, kumene sindikukudziwa, atavala dzina la munthu amene ali kumanda.

Kwathu kuno mwana akamwalira, wotsatira sumupatsa dzina la malemuyo. Amati ukatero wamuitana, ndipo amene anadziwa kale njira yobwerera sachedwa kuiyendanso. Ine ndinaphunzira sayansi, ndikudziwa chimene chimayambitsa chibayo. Koma ndinali nditakumbapo kale dzenje laling'ono chifukwa chodziwa zambiri.

Loweruka Loyera belu la ku tchalitchi silimalira. Mudzi unali zii, ngakhale wailesi ya a neba inali yotseka. Amayi anali panja akusenda chinangwa. Ine ndinakhala pamphasa n'kumamuyang'ana mwana chiwalo ndi chiwalo. Kristina ankagwira khutu lakumanzere poyamwa. Uyunso anagwira. Kristina anali ndi chizolowezi choyang'ana kuseri kwa phewa langa, ngati kumbuyo kwanga kwaima munthu. Uyunso anayang'ana, mpaka ndinacheuka. Kunali khoma basi, ndi msomali wopachikapo kolona. Ndinadziuza kuti makanda onse amatero, komanso ndi ana a mimba imodzi. Ndinadziuza kangapo.

Dzuwa lili paliwombo ndinachita chinthu chimene sindinauzepo munthu. Mwana akuyamwa, maso ali otseka, ndinaweramira pa khutu lake n'kutchula dzina lija monong'ona, kamodzi kokha. Anasiya kuyamwa. Anatsegula maso n'kundiyang'ana, mkaka uli pakamwa. Sanalire. Anangondiyang'ana nthawi yaitali ngati munthu amene akudikira kuti umalize zimene wayamba kunena.

Ndinayesa mawu ena kuti ndione. Ndinati supuni. Ndinati Dominiko. Mwana anali atabwerera kale kubere, ndipo sanatsegulenso maso.

Mchombo unagwa Lamulungu la Pasaka m'mawa, mabelu akulira. Amayi anautola n'kuukulunga pa kansanza, nkhope yawo ikuwala koyamba m'sabata yonse. Masana kunabwera azakhali a Nabanda, alongo awo a malemu bambo anga, amene amagulitsa tomato pa Njuli. Ndiwo anayenera kumusambitsa mwana, kumutulutsa panja ndi kumutcha dzina. Analowa akuseka, akunena kuti Dominiko waonda ngati ndiye wabereka. Akusakaniza madzi m'beseni anafunsa, mongotsata mwambo, osandiyang'ana n'komwe, ngati pali wina wakunja amene wamuona mwanayu.

Ndikanatha kunena kuti ayi. Amayi anali atayankha kale kuti palibe. Koma ndinaona madzi aja, ndinaona kuti akonzedwa molingana ndi yankho labodza, ndipo ndinaulula zonse.

Amayi anakhala pansi pomwepo. Sanandikalipire, chimene chinandipweteka kuposa kukalipa. Azakhali anandifunsa mafunso ngati a kukhoti. Anthuwo ndi angati? Sindikudziwa. Ndi a mtundu wanji? Amalawi, mwina ndi ena. Anamutchula dzinalo mokweza kapena anangowerenga? Mokweza, popemphera. Apa anapukusa mutu. Anati zoonedwazo madzi awa achotsa, koma dzina madzi sachotsa. Anthu amene anamuika dzinalo ndi pakamwa pawo, alichotsenso ndi pakamwa pawo, mwana akumva.

"Nanga ali ku Ulaya, azakhali."

"Polakwitsa anali kuti? Si komweko? Foni imene inabweretsa nkhaniyi ibweretsenso inayo."

Anamusambitsa, anamutulutsa pakhomo dzuwa likupendeka, namukweza m'mwamba kuti aone bwalo. Anati dzina lake ndi Easter. Analitchula katatu, mokweza kuposa mmene amachitira ndi ana ena, mpaka nkhuku zinabalalika. Dominiko anamunyamula koyamba. Nkhani ya kanema anaimva madzulo ake. Anangoti, "Ndiye uziti ukafuna kuchita zinthu uzindifunsako," n'kutuluka kukamanga mbuzi.

Lachiwiri Angella anafika pa ofesi asanatsegule. Anafufuta kanema uja, n'kufufutanso wa ubatizo. Kenako anaimba. Ndinamufunsa ngati pali njira yodziwira amene anaonera. Anati mayina saoneka, imaoneka nambala yokha pansi pa kanema. Ndinati nambala yanji. Anazengereza, kenako anati fote-firii. Anafulumira kunena kuti nambalayo imawerenga maulendo, osati anthu, mwina Lydia yekha anaonera ka twente. Nditamufunsa Lydia, anati iye anaonera kanayi.

Lamulungu lotsatira Lydia anasonkhanitsa amene anali pa mapemphero aja. Anapezeka khumi ndi mmodzi. Ndinaika foni pa khutu la mwana, ine mutu uli pafupi kuti ndizimva. Mmodzimmodzi ankabwera n'kunena kuti, iwe ndiwe Easter. Ena ankaseka mwamanyazi. Bambo wina anawonjezera kuti pepani mayi, sitinadziwe. Mtsikana wina anayamba kuti Kri, n'kudzigwira pakamwa, ndipo ndinamuuza Lydia kuti ameneyo abwereze kawiri. Azakhali anali pambali akuwerenga ndi nyemba, kuponya imodzi m'mbale munthu akamaliza. Zitatha anayang'ana m'mbalemo n'kufunsa kuti enawo ali kuti. Lydia anati amene anapatsidwa adiresi anapatsanso ena, ku Cork, ku Joni, wina ku Amereka. Sangawadziwe onse.

Angella anaganiza zoti tijambule kanema wina, wa dzina loona, kuti ayende njira yomweyo n'kukawapeza. Ndinavomera. Dominiko analemba EASTER pa katoni ndi makala, tinaika pafupi ndi mutu wa mwana, ndipo ine ndinatchula dzinalo kasanu kamera ikujambula. Ameneyu anatenga masiku atatu kuti akwere, chifukwa mbale ya padenga inkavuta ndi mitambo. Patatha mwezi ndinafunsa nambala. Anaonera anthu sikisi.

Meyi anadutsa, Juni anadutsa. Easter ankanenepa bwino, kusikelo ankamuyamikira. Ine ndinkagona ndi dzanja pachifuwa pake. Munthu akabwera kudzamuona ndinkayamba ndine kunena dzina, asanakhale n'komwe pansi. Foni ikalira nambala yachilendo sindinkayankha. Pa kalendala ya ku parishi ndinazunguliza tsiku limene adzakwanitse miyezi itatu ndi masiku asanu ndi anayi, kenako ndinaitembenuzira kukhoma kuti amayi asaone.

Chiperoni chinayamba kutatsala masiku awiri. Phiri la Chiradzulu linasowa, mitengo ya mibawa ya kumanda inasowa, kenako ngakhale nkhokwe yathu inkangooneka mthunzi. Easter anayamba chimfine. Ndinapita naye kuchipatala, anamuyeza, anati chifuwa chili bwino, ndizingomufunditsa. Ndi mawu omwewo amene ndinadziuza ndekha zaka ziwiri zapitazo.

Tsikulo linafika Lolemba. Amayi anapita kuchigayo, Dominiko ku ntchito yake ya ukalipentala ku mishoni, atandifunsa kawiri ngati akhale. Cha m'ma teni ndinali m'nyumba, mwana ali kumsana, ndikumvetsera mmene akupumira. Ndinamva belu la njinga kumsewu, kenako mapazi pabwalo. Mapaziwo anaima.

"Odi kuno. Ndabwera kudzamuona Kristina."

Anali mawu a mzimayi, ofatsa, achikondi. Ndinasuzumira pa mng'alu wa chitseko. M'nkhungumo munaima munthu wamtali, wovala chikhoti chakuda chofika m'maondo ndi nsapato zoyera, atanyamula kajumbo. Nkhope yake sindinaionepo chibadwire. Anaodiranso, n'kuwonjezera kuti, kodi amake Kristina alipo?

Mwana kumsana anadzuka. Ndinamumva akutukula mutu.

Ndinaganiza zokhala chete mpaka achoke. Koma akanachoka nalo dzinalo, n'kumakalitchula m'njira monse. Ndinatsegula chitseko pang'ono, n'kuima pakati pa khomo.

Anamwetulira ngati tikudziwana. Anati iwo ndi Mayi Nikodemo, kwawo ndi ku Mauwa, koma akhala ku Ireland zaka zisanu ndi chimodzi, tauni ina kutali ndi Dublin. Adiresi ya kanema anapatsidwa ndi mnzawo wa kuntchito. Anati m'nyumba imene amagwira ntchito amakhala okha ndi gogo wachizungu wosalankhula, ndiye ankati akatopa, n'kutsegula kanemayo. Atamva kuti mwanayo ndi wa ku Ndunde, kufupi ndi kwawo, analira. Anamusunga mu kompyuta yawo, moti amamuonerabe mpaka pano. Abwera ku tchuthi sabata yatha, ndipo anati sangabwerere osamunyamula. Pa Ndunde anangofunsa wakabaza kuti kwa amake Kristina ndi kuti, iye n'kuwabweretsa.

Anatulutsa m'kajumbo juzi yaubweya yoluka okha, yofiirira, yokhuthala bwino. Pachifuwa panali chilembo K. Anatambasula manja.

"Bwera kuno, Kristina. Bwera kwa agogo."

"Kristina anamwalira."

Mawu amenewo ndinali ndisanawatchulepo. Pa maliro ananena ndi ena, kwa Lydia ananena ndi Angella. Anatuluka owuma, okweza, ndipo anamveka pabwalo ponse.

Manja awo anatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana mwana amene ankasuzumira paphewa langa, n'kundiyang'ananso ine, ndipo ndinaona kuti tsopano amene akuopa ndi iwo. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Anafunsa monong'ona kuti nanga uyu ndani, poti nkhope ndi yomweyo.

Ndinawafotokozera ndili chiimire pakhomopo, kuyambira pa ubatizo mpaka pa nyemba za azakhali. Ndinawauza kuti lero ndi tsiku lanji. Anagwira pakamwa. Anati miyezi itatu yonseyi akhala akumutchula m'pemphero m'mawa uliwonse, osaphonya.

"Ndiye mukonze," ndinatero. "Dzina lake ndi Easter. Mumuuze yekha."

Anaika kajumbo pansi, pamatope pomwepo, n'kugwada ndi chikhoti chawo chodula. Ndinamasula mwana kumsana n'kumugwira ndi manja awiri, osamupereka. Anati, iwe ndiwe Easter. Ndinati abwereze. Anabwereza. Kachitatu ananena okha ndisanawauze. Mwana anawayang'ana osaphethira, kenako anayetsemula, mamina n'kutuluka, n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni, kwaukali, kofuna bere. Ndinamuyamwitsa kaye. Atakhuta ndi pamene ndinawapatsa kuti amunyamule.

Anakhala mpaka amayi atabwera kuchigayo. Analonjeza kuti akabwerera akafufuta kanemayo mu kompyuta yawo, ndipo akamuuza mnzawo uja. Ndinawafunsa kuti iwo anaonera kangati patsamba lija asanamusunge. Anaganiza, nati mwina kawiri. Juzi ija anafuna kubwerera nayo, koma kunja kunkazizira ndipo mwana analibe ina yotentha chotero. Ndinatenga lezala n'kutumbula ulusi wa chilembo chija umodziumodzi, iwo akundigwirira nsalu. Ulusiwo ndinauponya pamoto. Pamalopo panatsala timabowo, koma Easter anaivala.

Kunacha Lachiwiri Easter akupuma. Chimfine chinatha Lachisanu, tsiku limene phiri linaonekanso.

Sindinawerengenso kuti oonera kanema uja atsala angati, chifukwa nambalayo siituluka bwino ngakhale ndiiwerenge motani. Ndikungodziwa kuti alipo, ndipo ena a iwo kwawo ndi konkuno, tsiku lina adzabwera ku tchuthi. Ndiye ndinatenga khala n'kulemba pakhoma lakumaso, pambali pa chitseko, zilembo zazikulu zoti munthu aziwerenga ali kumsewu: MWANA WA PANO NDI EASTER. A neba anaseka, anafunsa ngati tatsegula okala. Koma mvula yoyamba itafufuta, ndinamupeza Dominiko m'mawa atagwada pakhomapo ndi kachitini ka penti wotsala ku mishoni, akudutsitsa bulashi m'zilembo zanga.